Mbewa Zosamva za ku Sfax

Najiba anali atangotha milungu itatu pa ntchito yosamalira mbewa za kafukufuku pamene chivundikiro cha ndowa chinamupulumuka m'manja. Chinali chachitsulo, ndipo chitagwa pa simenti chinalira ngati belu long'aluka. Mbewa zonse za kumanja zinadumpha m'timabokosi tawo, zina n'kukwiririka mu utuchi. Za kumanzere, zimene timabokosi tawo tinali ndi timapepala tofiira, sizinatekeseke. Ina inapitiriza kupukuta ndevu. Ina inali pakati pomwa madzi, ndipo inangomwabe.

Najiba anatola chivundikirocho n'kuchigwetsanso dala. Zinachitikanso chimodzimodzi.

Kudekha kumeneko ankakudziwa. Zaka makumi atatu zapitazo, kumudzi kwawo kumpoto kwa mzinda wa Sfax, mphika wa kusikusi, chakudya chawo cha tirigu, unagwa kumbuyo kwa mwana wake Mongi, ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Nkhuku zinabalalika, apongozi ake anakuwa, koma mwanayo anapitiriza kuluma supuni yake, osacheuka n'komwe.

Dokotala Sihem, mwini wake wa kafukufukuyo, anamupeza atakhala pansi, chivundikiro chili pamiyendo.

"Mayi Najiba, mwavulala?"

"Ayi, adokotala. Koma izi za kumanzerezi sizimva."

"Wakuuzani ndani?"

"Ndalera wotere ine."

Sihem anali mayi wamfupi, woyenda mofulumira nthawi zonse ngati wasiya mkaka pamoto. Tsiku limenelo sanafulumire. Anamutengera Najiba ku ofesi kwake, n'kumuthirira tiyi.

"Mudzi wanu ndimaudziwa," anatero. "Ndinali mwana wa sukulu pamene tinabwera ndi aphunzitsi athu kudzatenga magazi m'mabanja a ana osamva. Ndine ndinagwira dzanja la mwana wanu."

"Munati mudzabweranso kudzatiuza zimene mwapeza."

"Tinatero. Sitinabwere, ndipo tinalakwa. Ndikuuzeni lero. M'thupi la munthu muli malangizo amene timalandira kwa makolo. Timawatchula kuti majini."

"Mulungu atitchinjirize!" Najiba anaika kapu pansi. "Apongozi anga ankanena zomwezo. Ankati ndinatunga madzi pachitsime dzuwa litalowa ndili ndi pakati, majini n'kumutseka makutu mwana."

Sihem anaseka mpaka kupukuta misozi. "Si majini amenewo, mayi. Awa alibe nyanga. Bwerani muwaone."

Pa kompyuta panali mizere iwiri ya zilembo, wina pamwamba pa unzake, italiitali ngati mikanda. Sihem anafotokoza kuti m'kati mwenimweni mwa khutu muli tiubweya tosaoneka ndi maso, timene timagwedezeka mawu akafika, ndipo malangizo opangira tiubweya timeneto ndi amene anali pamenepo.

"Wapamwambawu ndi wa munthu. Wapansiwu ndi wa mbewa. Yang'anani bwino."

Najiba sankawerenga zilembo zachizungu mofulumira, koma maso osoka nsalu anali nawo. Anatsata mizereyo ndi chala. Mwa apo ndi apo inkasiyana, koma kwambiri inali yofanana.

"Anakopera ndani kwa mnzake?"

"Palibe. Tonse tinalandira kwa kholo limodzi, kanyama kakang'ono kamene kanakhalako zaka mamiliyoni ambirimbiri zapitazo, kusanakhale munthu, mbewa kapena ngamila. Zidzukulu zake zinapatukana, koma khutu zinapita nalo. Ngakhale nsomba za kumsika kuja zili nawo malangizo amenewa."

"Ife tinachokera kwa Adamu, adokotala."

"Ine sindikangana ndi aimamu. Ndikungokuonetsani zimene ndimaona ndikawerenga." Sihem analoza chilembo chimodzi chofiira. "Pa Mongi panalakwika apa. Ifeyo tinalakwitsa dala malo omwewa m'mbewa zija, kuti tione ngati nazonso zisiye kumva. Zinasiyadi."

"Chilembo chimodzi chokhacho?"

"Chimodzi. Munthu amalandira makope awiri, lina kwa mayi, lina kwa bambo. Inu muli ndi labwino ndi lolakwika, n'chifukwa chake mumamva. Amuna anu chimodzimodzi. Mongi analandira olakwika onse awiri."

Najiba anayang'anitsitsa chilembo chofiiracho. "Ndiye kuti si ine ndekha."

"Theka inu, theka amuna anu. Chitsime chilibe mlandu."

Madzulo ake Najiba anauza mwamuna wake Khemais, amene analinso msuweni wake, mwana wa amalume ake. Khemais anali atasiya usodzi chifukwa cha nyamakazi imene inamupinda zala, ndipo masiku ake ankathera pakhonde la nyumba yawo yapamwamba, kuyang'ana maboti a anzake akutuluka padoko.

"Ndiye ukuti tili pachibale ndi mbewa?" anafunsa.

"Atero adokotala."

"Mbali ya kwanu sindikukana. Amalume ako ena aja ankatha thumba la mtedza wa amondi ali okha."

"Bambo a Mongi, amalume angawo ndi bambo anu omwe."

Khemais anaseka, kenako kuseka kunamuthera. Anatembenuza manja ake opindika aja n'kuwayang'ana. "Theka ndi langa, eti? Mayi anamwalira akukuloza iwe chala."

"Ndipo inu munali duu."

"Ndinali duu," anavomera.

Mongi anali atachoka zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo. Ku Sfax munthu wosamva ankangopatsidwa ntchito yosenza makatoni a nsomba, ndipo tsiku lina anakwera boti limodzi ndi anyamata ena kuwolokera ku Sicily, chilumba cha ku Italy. Anafika wamoyo. Anapeza ntchito yophika buledi m'tauni ya asodzi, anakwatira Ikram, mtsikana wa ku Morocco amene anagontha ali mwana chifukwa cha matenda otentha thupi. Koma mapepala okhalira m'dzikomo analibe, ndipo akanati abwere kudzaona makolo, sakanaloledwa kubwerera. Mtunda wake unali wa tsiku limodzi pa boti. Khemais ankati mphepo ikaomba kuchokera kumpoto amamva fungo la buledi wa mwana wake.

Lamlungu lililonse masana ankaimba foni ya kanema. Najiba ankaiimika pa botolo la mafuta a azitona kuti manja onse awiri amasuke. Chinenero chawo cha manja anachipanga okha Mongi ali mwana: kukoka khutu kunali bambo, kugwira chibwano kunali mayi, kugwedeza dzanja ngati mchira kunali nyanja. Koma chaka ndi chaka manja a Mongi ankabwera ndi mawu atsopano a ku Italy, ofulumira, okongola, amene Najiba sankawadziwa. Ankatembenukira kwa Ikram, awiriwo n'kuseka nkhani yaitali, kenako Mongi n'kubwerera kwa mayi ake ndi timawu tochepa taubwana tija: ndili bwino, ndadya, kukuzizira. Foni ikathima, Najiba ankakhala akuyang'anabe botolo la mafuta.

Chiyambire tsiku la chivundikiro, kasamalidwe kake ka mbewa za kumanzere kanasintha. Sankazigwiranso mozidzidzimutsa. Ankayamba wagogoda pa shelefu ndi chala kuti zimve kunjenjemera, monga ankapondera pansi mwamphamvu asanalowe m'chipinda cha Mongi, kenako n'kuonetsa dzanja kutsogolo kwawo. Zinasiya kumuluma. Patapita miyezi iwiri Sihem anadabwa kuti mbewa zosamva zayamba kuswana bwino, ndipo zasiya kudya ana awo.

"Mukuzipatsa chiyani?"

"Ulemu, adokotala. Inu mumangozivumbulukira ngati apolisi."

M'mwezi wokolola azitona, Mongi anajambula mimba yaikulu m'malere ndi manja ake, n'kuloza Ikram. Najiba analulutira mpaka anthu a nyumba yapansi anatuluka. Koma m'mawa mwake, asanavale n'komwe malaya a ntchito, anali pa ofesi ya Sihem.

"Mwanayo adzamva?"

"Ngati mkazi wake anagontha ndi matenda, osati chibadwire, mwayi waukulu ndi woti adzamva. Adzangotenga kope limodzi lolakwika kwa bambo ake, ngati inu. Koma sindine Mulungu."

Nthawi yomweyo n'kuti Sihem atayamba chinthu chimene anachikonzekera zaka zambiri. Ankatenga tiana ta mbewa zosamva ta masiku awiri, tofiira ngati nyemba zonyowa, n'kutibaya m'khutu mankhwala onyamula kope labwino la malangizo aja. Najiba ndiye ankatifunditsa pa kansalu kofunda n'kutibwezera kwa amayi awo. Tambiri sitinasinthe. Tina tinafa.

Tsiku lina m'mawa, akusintha utuchi, Najiba anayetsemula. M'kabokosi kachitatu, kambewa kamodzi ka milungu inayi kanadumpha n'kugunda denga.

Najiba anaima osapuma. Anawomba m'manja kamodzi. Abale ake anapitiriza kudya, koma iko kanathawira pakona, makutu ali njenjenje. Anathamanga m'khonde nsapato imodzi itavuka, akukuwa dzina la Sihem popanda udokotala.

Anayeza kambewako ndi makina tsiku lonse. Kanali kakumva, osati bwinobwino, koma kakumva. Madzulo Sihem anagula makeke a uchi, anthu a m'zipinda zina anabwera kudzamugwira chanza. Najiba anadikira onse atachoka.

"Adokotala, mwanena nokha kuti khutu lake ndi la Mongi n'limodzi."

Sihem anaika keke pansi. "Ndimadziwa kuti mufunsa."

"Ndikhoza kumuuza abwere. Mapepala asiyeni, abwere basi. Ine sindifuna zambiri. Andimve kamodzi kokha ndikumuitana. Dzina lake ndinamupatsa ndine, koma sanalimvepo."

"Mayi Najiba, tiubweya tija tikakhala osagwira ntchito timafota. M'mbewa timafa pakatha milungu yochepa, n'chifukwa chake timabaya zili za masiku awiri. Kwa munthu wa zaka makumi atatu, sindikhulupirira kuti tatsalapo. Ndipo kuchoka pa mbewa kufika pa mwana wa munthu ndi zaka khumi, mwina kuposa. Izi ndi za ana amene sanabadwe. Ndikananama mukanadzandida."

Najiba anagwedeza mutu. Anasonkhanitsa makapu n'kukawatsuka, ngakhale sinali ntchito yake.

Patatha sabata, Sihem anamuuza kuti kambewa kaja kayenera kuphedwa, kuti aone m'kati mwa khutu lake ngati tiubweya tili moyo. Najiba ankadziwa kuti mbewa zonse za m'chipindamo zimathera komweko, ndipo sanatsutse. Anangopempha kuti akanyamule yekha. M'khonde monse ankakalankhula motsitsa mawu, kukauza za nyengo, za basi imene inachedwa, chilichonse chimene chinabwera m'kamwa. Kanali kutchera makutu.

Lamlungu lotsatira analephera kudzigwira. Anayesa kumufotokozera Mongi zonse ndi timawu tawo tochepa tija: mbewa, khutu lotseka, jakisoni, khutu lotseguka. Analoza Mongi, analoza mbewa ya m'malere, n'kulumikiza zala ziwiri kusonyeza kuti n'chimodzi. Kenako analoza mimba ya Ikram n'kukweza manja kumwamba, kupempha Mulungu kuti khutu la mwanayo likhale lotseguka.

Nkhope ya Mongi inauma. Manja ake anayenda pang'onopang'ono, ndi mawu akale okhaokha, kuti mayi ake asaphonye kanthu.

"Ine si mbewa. Ine sindikudwala. Ndili ndi ntchito, ndili ndi mkazi, ndili ndi anzanga. Mwana akabadwa wosamva, mudzalira? Ngati mmene munkalirira ine? Ndinkakuonani, Amayi. Makutu ndilibe, koma maso ndili nawo."

Foni inathima.

Lamlungu lotsatira Mongi sanaimbe. Linzake sanaimbenso. Najiba ankaimika foni pa botolo la mafuta nthawi yake ikakwana, n'kukhala pampando manja ali pamiyendo mpaka dzuwa kupendeka. Khemais ankayang'ana kunyanja.

"Muimbire iweyo," anatero tsiku lina.

"Ndikanene chiyani? Mawu opepesera tilibe. Sitinawapange."

"Zaka zonsezi?"

"Ndani ankapepesa mnzake m'nyumba muno?"

Pa ntchito Najiba anafunsa Sihem ngati akudziwa wina wophunzitsa chinenero cha manja. Sihem anamupezera mphunzitsi wa pa sukulu ya ana osamva, ndipo Lachitatu lililonse Najiba ankakhala pa kabenchi kakang'ono pakati pa ana a zaka zisanu ndi ziwiri, amene ankaseka zala zake zolimba. Sichinali chinenero cha ku Italy, koma mphunzitsiyo anamupezera pa foni mawu angapo a kumeneko. Najiba anajambula kanema wamfupi, atavala mpango wake wa pa chikondwerero, akunena ndi manja kuti: pepa, mwana wanga. Anatumiza. Foni inasonyeza kuti Mongi waona. Yankho silinabwere.

Linabwera patatha milungu isanu ndi umodzi, Lachisanu masana, Najiba ndi Khemais akudya nsomba ndi buledi. Foni italira, Najiba anagwetsa mpando. Pa galasi panaoneka Mongi, maso ofiira, ndevu zosameta, atanyamula kanthu kokulungidwa m'nsalu yachikasu. Kumbuyo kwake Ikram anali pabedi akumwetulira motopa.

Ndi dzanja limodzi Mongi anati: "Mtsikana. Sirine. Masiku anayi." Kenako analoza khutu la mwanayo n'kutambasula zala. "Amuyeza. Amamva."

Najiba anasamala nkhope yake. Anagwira pamtima n'kunena mawu amene anaphunzira: "Wokongola. Akanakhala wosamva, wokongolabe."

Mongi anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kuseka pang'ono. Anakonza chala cha mayi ake m'malere, kuwaonetsa kapindidwe koyenera. Kenako anapatsira Ikram mwanayo kuti manja onse amasuke.

"Amayi, m'nyumba muno mulibe mawu. Ine ndi Ikram timuphunzitsa manja. Akakula adzamva Chitaliyana panja. Koma chinenero cha kwathu adzachimva kwa ndani? Mulankhuleni. Tsiku lililonse. Ndidzaika foni pafupi naye."

Anasendeza foni mpaka galasi lonse linadzaza ndi kankhope kofiira, kotupa maso. Najiba anatsegula pakamwa, koma mawu sanatuluke.

"Tapatseni kuno," anatero Khemais, amene zaka zonsezi ankangokweza dzanja pa foni chifukwa zala zake sizinkathanso kulankhula. Anaweramira pafupi ndi galasi, n'kukuwa ngati akuitana boti lina pakati pa nyanja. "Iwe Sirine! Ndine agogo ako aamuna! Usamvere za agogo ako aakaziwa, akuuza kuti ndiwe mbale wa mbewa!"

Kamwanako kanadzidzimuka, manja onse m'mwamba, n'kuyamba kulira mokweza. Mongi, poona kukamwa kofiirako, anaseka mpaka foni inagwedezeka.

"Mwaona zimene mwachita, nkhalamba inu?" anatero Najiba, akumukankha. Ndipo mawu anabwera okha. "Tonthola, mayi wanga, tonthola. Ndi phokoso chabe la msodzi. Tonthola, kuwala kwa maso anga." Analankhula choncho motsitsa, mobwerezabwereza, mpaka kulira kunasanduka kusisima, maso aang'onowo akufunafuna kumene mawu akuchokera.

Mongi anabweza foni kumaso kwake. Anali akuyang'ana milomo ya mayi ake. "Mwamuuza chiyani?"

Najiba anayesa kumasulira ndi manja. Anapeza mawu a maso, anapeza a kuwala, koma sanadziwe kuwalumikiza kwake. Mongi anawalumikiza yekha n'kumuonetsa.

"Munkandiuza ine zimenezi?"

"Tsiku lililonse."

Mongi anagwedeza mutu, n'kuyang'ana kumbali kanthawi.

Kuyambira pamenepo, nthawi yopuma masana Najiba ankatuluka m'chipinda cha mbewa, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mandimu kuseri kwa nyumbayo, foni ili m'manja. Ankamuuza Sirine mayina a anthu a kumudzi, kaphikidwe ka kusikusi wa nsomba, miseche ya anthu a nyumba yapansi. Sihem anamulembera kalata yomuchitira umboni kuti apemphe chilolezo chokaona mdzukulu wake. Najiba anakwera basi mpaka ku Tunis, likulu la dziko lawo, anaima pamzere pa ofesi ya kazembe wa Italy kuyambira m'mawa, ndipo patatha miyezi iwiri pasipoti inabwera yopanda chidindo. Anati palibe chotsimikizira kuti adzabwerera. Anapemphanso chaka chotsatira.

Pamene ankadikira yankho lachiwiri, Sirine anali atayamba kuyenda. Ankalankhula ndi manja mofulumira ngati makolo ake, ndipo pakamwa pake pankatuluka timawu ta ku Sfax, tokhala ndi kakokedwe ka kumudzi kwa Najiba, timene anthu a ku Sicily sankatimva. Tsiku lina Mongi anamufunsa ndi manja kuti, "Agogo ali kuti?" Mwanayo anathamanga, anatenga foni patebulo ndi manja awiri, n'kuipsompsona pagalasi. Kwa Najiba kunangoti bii, kenako kunaoneka kamphuno kophwatalala ndi nthunzi ya mpweya wake. Najiba anadikira mpaka nthunziyo inatha, kenako anamufunsa mwanayo chimene wadya.